Zikomo agogo, zikomo amayi a Mvano, zikomonso alamu anga osapemphera

Tsopano tagona m'nyumba yathuyathu kumtunda, yanjerwa zootcha, yofolera malata. Chigumukireni nyumba yathu pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, takhala tikuyendayenda, m'kalasi ya pasukulu, m'tenti, kenako pakhonde la abale. Lero ndati ndithokoze poyera anthu amene anatigwira dzanja, ngakhale ena mwa iwo sakhalira mphasa imodzi pa nkhani ya chikhulupiriro.

Ndiyambe ndi inu agogo. Sabata ija kuno kuchigwa mvula inali isanalimbe, koma inu munaima m'mbali mwa mtsinje, kuona madzi afiira, akubwera ndi zinyalala ndi mitengo yosamera kwathu kuno, n'kunena kuti, "Awa ndi madzi akumapiri, mangani katundu. Madzi saiwala khwawa." Munatisonyeza pomwe anafika mu 2015 ndi pomwe anakhudza mu 2019. Tikakufunsani kuti mumadziwa bwanji, mumati makolo ndiwo amakunong'onezani, ndipo dzina la Mbona wa ku Khulubvi simulitchula mwachibwana. Ine wa mu mpingo ndimakumverani ndi ulemu, chifukwa mbewu ya mapira yomwe munatikakamiza kumanga m'chitenje n'kunyamula pamutu ndi imene inatidyetsa chaka chotsatira.

Alamu, inu anthu amakunenani kuti wachikunja chifukwa mumanena mosabisa kuti simukhulupirira kuti kuli Mulungu kapena mizimu. Ine ndinakuonani usiku uja. Wailesi ili pakhutu kumvera a zanyengo, tochi ili m'manja, mukugogoda khomo ndi khomo. Munatifotokozera mojambula pansi ndi kamtengo: Ruo amachokera ku phiri la Mulanje, akadzaza amatsika ndi ukali n'kukumana ndi Shire pa Chiromo, Shire amasowa podutsa n'kubwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake mudzi ungamire ngakhale mvula yapamwamba pathu ili yochepa. Zomwe agogo anaona m'maso mwa madzi, inu munazipeza m'manambala, ndipo munatiuza chinthu chimodzi usiku umodzi. Madzi atafika m'chiuno munabwerera ndi bwato kukatenga amayi abusa ndi ana awo. Ku kampu, kolera ili pakamwa pa aliyense, munakangana ndi anthu akuluakulu kuti mtsuko uliwonse uthiridwe kolorini, ngakhale ena ankati madzi opemphereredwa sapha. Ana anga ali moyo, alamu. Zimenezi sindidzaiwala.

Koma pali matenda ena omwe kolorini sakanawatha. Titapulumuka, ine tulo tinatha. Mvula ikangogunda tenti ndinkanjenjemera, kudzutsa ana, kuyamba kumanga katundu pakati pa usiku. Amayi a Mvano, inu ndi amene munandizindikira. Simunandilalikire. Munkabwera madzulo mutavala zoyera zanu zija, zomwe zinali zitasanduka zofiirira ndi matope, n'kukhala nane pamkeka, kuimba pang'onopang'ono mpaka mtima utsike. Mayi wina anandigawira theka la ufa wake wa chithandizo pamene iye mwini ankaphikira ana ake nyika zokumba kudambo. Abusa amatiphunzitsa kuti kuopa Mulungu ndiye chiyambi cha nzeru, ndipo ine ndikhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, chifukwa ndinaziona mwa inu. Ngakhale alamu anandiuza okha kuti, "Mlamu, apa ine ndilibe mankhwala, pitani kwa amayi aja."

Kusamuka ndiye kunali kovuta kuposa zonse. Agogo anakanitsitsa, amvekere sangasiye manda a makolo ndi dimba lomwe limatipatsa chimanga ndi mbatata madzi akaphwa. Ndipo sanalakwe, kumtunda kuno nthaka ndi youma, popanda dimba njala ingatimalize. Abusa anapemphera nawo, amfumu anatipatsa malo n'kulola kuti dimba tizilimabe kumunsi. Chomwe chinamasula mtima wa agogo n'chakuti anafuna kukatsanzika kumanda ndi nsembe ya ufa. Amene anawakweza panjinga n'kuwaperekeza ndi alamu omwewo. Anavula nsapato, anagwira chipanda, anakhala chete mpaka agogo atamaliza kulankhula ndi akufa awo. Sanasinthe maganizo awo, ndipo agogo sanawafunse kuti asinthe.

Madzulo pakhonde latsopanoli mkangano ukadalipo. Abusa amati Mulungu ndiye anatuma alamu usiku uja, agogo amati makolo ndiwo anawadzutsa, alamu amati inali wailesi basi. Ine ndikamagwada ndimawatchula onse atatu mayina.

Zikomonso anyamata amene munaumba njerwa padzuwa la kuno ku Nsanje osalandira kanthu, ndi a Red Cross chifukwa cha matenti ndi zidebe. Loweruka kuli thobwa ndi nsima ya mapira, bwerani nonse mudzaone nyumba. Alamu, ya malata ija ndibweza thonje likagulidwa.