Mmene tinapezera thandizo la mwana wanga amene ankalephera kuwerenga

Mwana wanga wamkazi wachiwiri anakhala mu sitandade 2 zaka zitatu, ndipo chaka chachitatucho ine ndinali nditatopa, ndinkangomukalipira, nthawi zina kumukwapula kumene, ndimvekere iwe ndi ulesi basi. Chonsecho mwanayo ukamutuma kumsika amabwera ndi chenji chokwanira, nthano ukamuuza kamodzi amakubwerezera yonse osaphonya. Koma akatsegula buku la Chichewa, chala chimangoyenda pa pepala, pakamwa zii. Mawu oti bambo ankalemba damdo, dzina lake lomwe ankasiya lembo pakati. Mpaka lero zokwapulazo zimandipweteka mumtima.

Ndinayambira kwa madamu a kalasi yake. Ana mkalasimo anali opitirira 100, ambiri atakhala pansi, ndiye sindikuwanena kuti sanamuone msanga. Anandiuza kuti mayi, musanapite kwina kulikonse kamuyezetseni kaye maso ndi makutu, chifukwa mwana amene sakuona bwino pa bolodi kapena amene khutu limatuluka mafinya amaonekanso ngati sakumva maphunziro. Tinapita ku chipatala cha boma ndi kabuku kake ka kuchipatala, anamuyeza, zonse zili bwino, ndipo ndinapempha adokotala kuti alembe zimenezo mkabukumo.

Kenako ahedi anandilembera kalata yopita kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yathu. Ulendo woyamba ndinapeza kotseka, ndalama ya kabaza inangopita, ulendo wachiwiri ndinayamba ndaimba foni. A PEA-wo ndi amene anandilozera sukulu ina ya mzoni momwemo yomwe ili ndi resource centre, chipinda chophunzitsiramo ana ofunika thandizo lapadera, komanso mphunzitsi wa anawo. Mphunzitsiyo ndi mayi amene anaphunzira ku Montfort, koleji ya ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, komwe amaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Popita ku resource centre nyamulani makope akale onse ngakhale ong'ambika, ndi malipoti a matemu apitawo, ine ndinkachita nawo manyazi koma ndi amene anawathandiza kwambiri.

Sanamupatse mayeso ayi. Anakhala naye pamphasa pafupifupi ola lathunthu, kumuuza aombe m'manja pa phatikizo lililonse la mawu oti galimoto, kumufunsa ngati mano ndi madzi akuyamba ndi liwu lofanana, kumuonetsa lembo kuti atchule liwu lake. Ine anandifunsa za mmene anabadwira, anayamba liti kuyankhula, anadwalapo malungo aakulu, nanga kubanja alipo wina amene kuwerenga kunkamuvuta. Apa ndinakumbukira achimwene anga amene anasiyira sitandade 4 anthu akuwanena kuti ndi mbuli. Pomaliza anati zizindikiro zake zikufanana ndi vuto lotchedwa dyslexia, ubongo umavutika kulumikiza lembo ndi liwu lake koma nzeru zilipo zonse, si ufiti, ndipo palibe jakisoni kapena mapilitsi ake, chofunika ndi kumuphunzitsa mwanjira ina, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza.

Analemba pa pepala zoti tikwaniritse temu imeneyo, zochepa kwambiri moti ndinadabwa, malembo 10 okha ndi maphatikizo ake. Kawiri pa sabata ankapita ku resource, masiku enawo mkalasi mwake momwemo. Lembo la b anakhala nalo sabata yonse osamuonetsa d, ankalilemba pamchenga ndi chala akutchula liwu lake, kuliumba ndi dongo, kulilemba pamsana pa mnzake kuti mnzakeyo alote. Diso, khutu, dzanja ndi pakamwa zonse zizigwira ntchito nthawi imodzi, ankatero mayiwo. D anabwera b atakhazikika.

Kunyumba tinatola zitsekerero za mabotolo a Fanta, mkati ndikumatamo timapepala tolemba ba be bi bo bu, ma me mi mo mu, ndiye iye aziphatikiza, ma ndi no kukhala mano, bu ndi ku kukhala buku. Mphindi 15 zokha patsiku kusanade, akatopa timasiya. Mwayi wathu ndi woti Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera, mwana akagwira maphatikizo amayamba kuyenda, ngakhale nkh, mph, nth ndi ng' zinatitengera miyezi, ng'ombe ankawerenga ngombe mpaka kalekale. Chondivuta kwambiri ine chinali kutseka pakamwa akakakamira, kuwerenga chamumtima mpaka 5 ndisanamuthandize, ndipo pomuthandizapo kungomupatsa liwu loyamba osati mawu onse.

Mayi aja analemberanso madamu a kalasi yake kuti azimukhazika kutsogolo, asamamudzidzimutse kuti awerenge mokweza pamaso pa anzake, manotsi okopera pa bolodi achepe, ndipo mafunso ena azimufunsa pakamwa. Kalasi iliyonse yatsopano ndimapitanso ndekha ndi pepala lija kukafotokoza, chifukwa uthengawu sumangoyenda wokha kuchoka kwa mphunzitsi wina kupita kwa wina. Anandichenjezanso kuti mapepala onse ndisunge mu fayilo, akadzafika sitandade 8 ahedi adzamulembetse ku MANEB ngati mwana wofunika thandizo lapadera nthawi yolembetsa isanathe.

Panopa ali sitandade 4, amawerenga pang'onopang'ono atayika rula pansi pa mzere kuti asasochere. Nkhawa yanga ndi chaka chamawa pomwe maphunziro ambiri akhale mu Chingerezi chomwe kalembedwe ndi katchulidwe sizigwirizana, ndiye tagwirizana kale ndi mayi aja kuti temu ikubwerayi tiyambe maliwu a Chingerezi. Loweruka lapitali tili pa siteji anandikoka chitenje, kuloza kachikwangwani ka pa galasi la minibasi, ndikuwerenga yekha, Li, mbe, amayi iyi ndi yathu tiyeni.