Ulendo wathu wa ku Tete: zakumtundu ndi ubongo wa ana

Tinanyamuka pa Ulongwe m'bandakucha, ife a gulu la mabanja osamalira odwala maganizo, aliyense ali mu juzi. Chapa, minibasi imene tinakwera, itangodutsa Moatize majuzi onse tinavula, pofika pa mlatho wa Samora Machel thukuta lili kamukamu, kaya anzathu a ku Tete amapirira bwanji.

Anzathuwo anatilandira bwino, anaitanaso tekiniko wa za maganizo kuti ticheze naye. Ine ndinapita ndi funso limodzi basi. Achimwene anga anayamba kumva mawu popanda wolankhula ali ndi zaka 21, kuchipatala anati ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, ndiye kamwana kawo ndikulera ndine ndipo kakangokhala duu pakhonde osalankhula mtima wanga umachita myuu, kuti kodi nako kayamba?

Tekiniko uja atangotchula majini amayi ena anadzidzimuka, ankayesa akunena ziwanda. Iye anati ayi amayi, ndi tinthu timene timatengera kwa makolo, tomwe tija timachititsa mwana kufanana mphuno ndi bambo ake. Ndipo si jini imodzi ayi, mu 2022 asayansi anapeza malo 287 mu DNA, momwe mumakhala majiniwo, okhudzana ndi matendawa, alionse amangoonjezera chiopsezo pang'ono pokha. Mwa anthu 100 amadwala ndi mmodzi kapena osakwana, koma kholo limodzi likakhala lodwala ndi ana pafupifupi 10 mwa 100. Ine ndinawerengera chamumtima kuti ndiye 90 sadwala, misozi inalengeza ndithu. Olo mapasa ofanana ndendende, wina akadwala mnzakeyo nthawi zambiri ndi theka-theka.

Pomwe ndinamvetsa kwambiri ndi pa chimanga. Akuti ubongo wa mwana umamera timizere tambirimbiri tolumikiza maselo, ndiye akamasinkhuka ubongo umapatulira wokha ngati mmene timachitira pa phando, kuzula zofooka kusiya zamphamvu. Mu 2016 asayansi anapeza kuti jini ina yotchedwa C4 ili nawo pa ntchito yopatulirayi, ndipo akuganiza kuti mwa ena kupatulirako kumapyola muyeso. Mwina nchifukwa chake matenda amadzaonekera munthu ali mnyamata kapena zaka za m'ma 20, anyamata msanga kuposa atsikana, chonsecho zina zinayambira m'mimba momwe. Njala ya mayi woyembekezera, kuvutika pobereka, zonsezi zimaonjezera chiopsezo. Chamba ndiye anachitsindika kwambiri, makamaka kwa mwana amene kwawo alipo odwala, ndipo pamenepa ndinakhala chete chifukwa achimwene ankasuta ali kusukulu ife nkumangoti ndi unyamata.

Ndinamufunsa kuti nanga kamwanaka ndizikatani? Anati kadye, kagone mokwanira, kapite kusukulu, musamakaitane kuti mwana wa wamisala, mukaona kayamba kudzipatula kapena kuopa zosaoneka bwerani nako msanga.

Tinafika kwathu usiku kali mtulo pamphasa, kope la samu lili pambali. Anzathu a ku Tete adzabwera kwathu tikakolola, ndipo ndapempha kuti apongozi a achimwene adzakhalepo, mpaka lero amati achimwenewo analodzedwa ndi abale athu.