Anamasula mpeni kuti chikalata chikwane pa sikana

Sabata yathayi inayamba monga mwa masiku onse: kuyeza chinyezi m'chipinda chosungira zikalata, kuwongola zikopa zopindika zimene anthu akale ankalembapo zikalata, kulemba manambala pa mabokosi amene akhala akudikira chichokereni anzathu awiri omwe mpaka lero sanalowedwe m'malo. Zimenezo tinazolowera. Zandipsetsa mtima ndi za Lachitatu.

Akuluakulu anabweretsa kampani yojambula zikalata kuti ziikidwe pa intaneti, ndipo amailipira potengera kuchuluka kwa masamba. Ndiye anyamatawo amangothamanga. Masana ndinapeza chikalata cha malo cha ku England cha m'zaka za m'ma 1100 chili pa sikana (makina ojambulira), koma chigwiriro cha mpeni chimene chinamangiriridwa pachikopacho chili mu envulopu yopanda nambala. Akuti chimalepheretsa galasi kutsekeka, ndipo bwana anavomera kuti achimasule.

Ku England nthawi imeneyo munthu sankalandira malo chifukwa cha cholembedwa ayi. Wopereka ankaima pamaso pa mboni n'kupereka m'manja chibuma cha dothi, kanthambi kapena mpeni, mwinanso n'kuuika paguwa m'tchalitchi. Mlembi ankabwera pambuyo kudzalemba zimene zachitika kale. Mu 1147, William de Warenne popereka mphatso kwa amonke a ku Lewes, bishopu wa ku Winchester, Henry of Blois, anadula tsitsi la William ndi la m'bale wake Ralph patsogolo pa guwa, mphatsoyo n'kukhazikika ndi tsitsilo. Ku Durham anasunga mpeni wa Stephen de Bulmer ngati umboni wa pangano la chakhumi cha ku Lowick. Anthu ankakhulupirira maso a mboni kuposa inki, ndipo sindiwanena, poti zikalata zabodza zinali mbwee, zina zolembedwa ndi amonke omwewo.

Ndinapita mu ofesi. "Bwana, mwajambulitsa theka la umboni, theka linalo mwaliponya mu envulopu." Iwo anangoti opereka ndalama akufuna ntchito ithe mwezi uno. Fomu yovomereza kuti tsikulo layenda bwino sindinasaine.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinangokhalira kutsegula maenvulopu ena. Muli zidindo za phula zoduka, ndipo china sindikudziwa kuti chinachoka pa chikalata chiti. Ndalemba kalata yoti chilichonse chokhala ndi chomangirira chisajambulidwe popanda mmodzi wa ife. Sanayankhebe, chonsecho kampaniyo ibweranso Lolemba.