Zikomo, ming'oma ya bambo yayambanso kulira

Dzulo madzulo tafula uchi kumudzi kwathu ku Phalombe. Tapeza zidebe ziwiri zokha, koma ine ndinakhala pansi pa msuku n'kulira ngati mwana.

Amene munkawadziwa bambo mukudziwa kuti moyo wawo unali pa njuchi. Fizi yathu yonse inkachokera m'mabotolo a uchi. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi otsika m'phiri anakokolola mitengo pamodzi ndi ming'oma yomwe. Pa ming'oma 14 inatsala itatu. Bambo mtima sunakhalenso m'malo, ndipo chaka chisanathe tinawaika m'manda.

Ine ndinkafuna kugulitsa itatu ija. Ndimakhala ku Blantyre, komanso njuchi ndimaziopa chiyambire tsiku lomwe zinanditupitsa diso ndili Sitandade 4.

Amalume, ndinu munakana. Munati, "Mphwanga, izi si mbuzi zoti n'kukoka kupita nazo kumsika." Miyezi yonseyi mwakhala mukulambula udzu kuzungulira mitengo kuopa moto wa osaka mbewa, kupaka oyilo pa mawaya kuti linthumbu lisakwere, kukweza ming'oma kuti chiuli asaifikire. Ndikabwera kumapeto kwa mwezi munkandiyika kutsogolo ndi chitini cha utsi wa zitsononkho, manja akunjenjemera. Munandiphunzitsa kuzindikira chisa chokhwima, chomatidwa ndi phula, ndi kusiya zisa za ana. Tsiku lomwe ndinafuna kukokolola zonse munandimenya padzanja. Munachita bwino.

Alamu anga, munatikhomera ming'oma isanu ya matabwa osalandira ngakhale tambala. Azakhali, phula lakale la bambo lomwe munasunga m'nkhokwe ndi lomwe tinapaka m'kati mwake, ndipo njuchi zinalowa zokha m'ming'oma itatu. Iwiri ikadali yopanda kanthu, tikudikira. Amfumu, zikomo potipatsa malo kumtunda komwe madzi safika. Amayi a kumpingo, munkawachezera amayi masiku omwe ife tinali kutali, Mulungu akudalitseni.

Chisa choyamba ndinapatsa amayi. Analawa, n'kukhala chete kanthawi, kenaka anati uchiwo wachuluka utsi, bambo sakanatero. Ndavomera.

Nonse ndakutchulaninu bwerani Loweruka ndi mabotolo anu. Amalume okha ndiwo aloledwa kubwera ndi chigubu.