Zaka khumi tikuweta akavalo m'mphepete mwa mtsinje wa Caledon

Mwezi wathawu Nangondo, kavalo wathu wamkazi amene tinayamba naye, anaswa mwana wamphongo m'bandakucha, ndipo mwanayo ndi wa nambala 40 kubadwira m'khola lathu. Mayi a kunyumba analulutira ngati pa chinkhoswe, mpaka aneba athu anabwera akuthamanga poganiza kuti kwagwa zovuta. Tsiku limenelo ndinakhala pa chitsa n'kuwerengera zala, ndipo ndinapeza kuti takwanitsa zaka khumi. Ndiye ndati ndikusimbireni, abale anga, makamaka inu amene mumafunsa kuti mwana wa ku Dedza anazidziwira kuti za akavalo.

Kwathu ngolo imakokedwa ndi ng'ombe kapena abulu. Kavalo ndinadzamugwira koyamba kuno ku Joni, pa ganyu yochotsa ndowe m'makola kunja kwa Johannesburg, ndipo tsiku loyamba lomwelo anandiponda phazi chikhadabo n'kuchoka. Abwana atasamukira ku Ficksburg, m'mphepete mwa mtsinje wa Caledon umene ndi malire a South Africa ndi Lesotho, ananditenga. Kumeneko ndinakumana ndi mkulu wina wa Chisotho, amene tonse tinkangomuitana kuti ntate, kutanthauza bambo. Iyeyo ankawaseka akavalo aataliatali a abwana. Ankati ndi okongola pa chithunzi, koma ukawakweza phiri amabwerako akutsimphina. Wake unali kavalo wamfupi, wa khosi lonenepa, wosavala zitsulo ku mapazi, koma ankayenda pa miyala ngati mbuzi.

Mbiri ya kavalo wamfupiyo ndiyo inandikoka mtima, ndipo sindigulitsa mwana wa kavalo osamufotokozera wogulayo. Akavalo oyamba anafika ku Cape m'chaka cha 1653, Adatchi atawatenga ku chilumba cha Java. Kumeneko anasakanikirana ndi ena a magazi a Chiarabu ndi a ku Ulaya, n'kukhala mtundu wolimba wa m'mafamu. Abasotho anawapeza cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1820, ambiri mwa iwo powalanda kwa Akorana ndi Agriqua amene ankabwera kudzaba ng'ombe atakwera akavalo, mfuti zili m'manja. Mfumu Moshoeshoe ya ku Thaba Bosiu inaona msanga kuti wopanda kavalo ndi mfuti adzatha, ndipo pasanathe zaka makumi atatu anthu ake anali atasanduka mtundu wa okwera. Ngakhale dzina la kavalo Abasotho analitenga kwa adani awo: amati pere, kuchokera ku perd ya Mabunu, monga ifenso kavalo tinamutenga kwa Apwitikizi. Chisanu cha m'mapiri a Maloti, msipu wochepa ndi miyala ndi zimene zinasankha kavalo woti akhale ndi moyo, ofooka onse n'kufera m'njira.

Pa nkhondo ya mfuti ya mu 1880 mpaka 1881, boma la Cape litafuna kulanda Abasotho mfuti zawo, akavalo amenewa ndiwo anathandiza kuti asilikali a boma abwerere chimanjamanja. Koma kutchuka kunawadyetsa mwala. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, kuyambira 1899 mpaka 1902, Angerezi anataya akavalo oposa 300,000, ambiri chifukwa cha njala, kutopa ndi matenda, ndipo anatembenukira ku Lesotho n'kugula masauzande, kusankha abwino okhaokha. Sanabwerere. Mtundu unatsala pang'ono kutha, mpaka mu 1952 boma la South Africa linasonkhanitsa otsala ochepa pa famu ya kafukufuku ya Nooitgedacht pafupi ndi Ermelo, komwe kunachokera mtundu umene lero ukudziwika ndi dzina la famuyo. Nangondo ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri, ya ku Lesotho ndi ya Nooitgedacht.

Ife tinayamba mu 2015 ndi akavalo aakazi awiri, pa kamunda kobwereka. Ku banki ina anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka kumutu, nandifunsa ngati mlendo angadziwe kusiyanitsa kavalo ndi bulu. Ndinathera kwa munthu wa katapila, m'Malawi mnzanga ndithu, wopemphera naye tchalitchi chimodzi. Bambo inu, ndalama zanu ndinabweza zonse ndi chiwongola dzanja chanu chija, koma chishalo chimene munadzatenga ngati chikole mpaka lero sindinachione.

Zimenezo zinali zazing'ono poyerekeza ndi chaka chachinayi. Kuno kuli matenda a akavalo ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timaluma madzulo ndi m'mawa, makamaka mvula ikagwa yambiri, mpaka chisanu choyamba chitapha tizilomboto. Ndi matenda akale: mu 1854 ndi 1855 anapha akavalo pafupifupi 70,000 ku Cape. Katemera wake amabwera m'mabotolo awiri, obaya motalikirana masabata atatu, ndipo nyengo yobaya ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala. Chaka chimenecho ndinagula katemera kwa munthu wina woyenda ndi bokosi m'galimoto, chifukwa anali wotchipa. Analumbira kuti sanachoke mu firiji. Mulungu ndiye akudziwa.

Mwezi wa Malichi tinali ndi akavalo khumi ndi mmodzi. M'masabata awiri tinakwirira asanu ndi mmodzi. Ena ankatupa mutu pamwamba pa maso, zimene alimi kuno amati dikkop, ena ankangoyamba kupuma mobanika, thovu likutuluka m'mphuno, n'kugwa tsiku lomwelo. Wamphongo wathu, amene ndinamugula ndi ndalama zomangira nyumba ku mudzi, anafa mutu wake uli pa miyendo panga. Ndinayimbira malume ku Dedza kuti andipezere munda, ndikubwerera. Amene anandiletsa ndi mayi a kunyumba. Anati walira mvula walira matope, ndipo Nangondo, amene anadwala n'kuchira, sitingamusiyire munthu wina. Ntate anabwera ndi wamphongo wake kuchokera kutsidya la mtsinje, natibwereka nyengo yonse osalipiritsa kanthu. Kuyambira pamenepo katemera amabaya dotolo wa ziweto yekha, ndipo nyengo ya tizilombo akavalo amalowa m'khola dzuwa lisanalowe, kutuluka mame atauma.

Ndiye ndithokoze. Ntate, amene anatisiya chaka chatha, ndi ana ake amene akutiyesabe abale. Abwana anga akale, amene ananditulutsa ntchito mwamtendere n'kundipatsa zingwe ndi maburashi akale. Dotolo wa ziweto amene anabwera usiku katatu n'kulola kuti tizilipira pang'onopang'ono. Amayi a banki m'khonde ya Amalawi a ku Bloemfontein, amene anatikongoza ya udzu m'chaka cha chilala popanda kutinyoza. Mlamu wanga amene amagona ku khola nyengo yoswa, popeza kavalo amatenga bere miyezi khumi ndi umodzi koma amasankha kuswa usiku wozizira kwambiri. Alimi a nkhosa amene anagula kwa mlendo pamene akanatha kugula kwa anzawo. Ana anga, amene Loweruka lawo limathera m'ndowe. Ndi inu mayi a ana, amene ndalama zanu za zitumbuwa ndi zoluka tsitsi zinadyetsa akavalo miyezi isanu ndi itatu.

Pakadali pano tili ndi akavalo anayi ogulitsa, a zaka zitatu ndi zinayi, ozolowera chishalo, odziwa kukusa nkhosa ndi ng'ombe, osaopa agalu ngakhale mathirakitala. Awiri mwa iwo ali ndi kayendedwe kaja kotchedwa trippel, koti mutha tsiku lonse mukuyendera mpanda msana osapweteka, ndipo magulu olondera akuba ziweto amawakonda chifukwa amafika kumene galimoto singafike. Aliyense amapita ndi khadi lake la katemera, ndipo mukhoza kumuyesa pa famu panu sabata imodzi musanamalize kulipira. Ngongole yokha ayi, tinaphunzira. Manyowa owola bwino tikugulitsa pa thumba. Inu a ku Joni ndi ku Durban amene mudzabwere ku chikondwerero cha matcheri cha ku Ficksburg mu Novembala, patukirani kuno ndi ana adzakwere, nsima ndi nyemba za kwathu zidzakhala pamoto. Mwana wa Nangondo yekha musamufunse mtengo, ameneyo ndi wamphongo wathu wa mawa.