Ufa wa kapenta umene ukuyendetsa baraka yathu ku Ulongwe

Baraka yathu, kamalo kophikira ndi kugulitsira nsima, ili pafupi ndi msika wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Tili awiri, ine ndi mlamu wanga, ndipo odzadya ambiri ndi madalaivala a chapa (maminibasi), ogula mbatata ndi anthu olowera ku malire a Calomue. Ophika nsima pano ndi ambiri. Ufa ndi womwewo, nkhuni ndi zomwezo, choncho mpikisano wonse uli mu msuzi.

Tikuyamba, nyama sitinkaikwanitsa tsiku lililonse. Ndiwo zathu zinali nyemba, mpiru ndi nkhwani. Munthu ankadya n'kunena kuti, "Mayi, mchere wakolera, koma ndiwozi zikusowa kanthu." Kanthu kameneka si mchere, si mafuta, si tsabola. Ndi kukoma kuja kumene kumadzaza m'kamwa monse, malovu n'kuchuluka, ndipo ukameza kamatsalira kumbuyo kwa lilime mpaka dzanja limabwerera lokha ku mbale. Msuzi wa nkhuku yachikuda yophika pang'onopang'ono uli nako, pomwe kabichi wowiritsa alibe.

Mwana wa achimwene, amene amaphunzira ku Tete, ndiye anatiuza kuti asayansi amakutcha umami, ndipo amakuwerenga ngati kukoma kwapakokha pambali pa kutsekemera, kuwawasa, kuwawa ndi mchere. Mu 1908 Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anapeza kuti kumachokera ku chinthu china cha m'zakudya chotchedwa glutamate, ataufufuza msuzi wa ndere za m'nyanja zotchedwa kombu. Kenako ena a ku Japan komweko anapeza chinthu chinanso chotere chotchedwa inosinate mu nsomba zouma, ndipo zinadziwika kuti ziwirizi zikakumana mu mphika umodzi kukoma kumakula kuposa kungoziphatikiza. Glutamate ali wambiri m'matimati okupsa. Ndiye kuti agogo athu pothira matimati mu nsomba zouma ankachita zomwezo, opanda buku.

Apa m'pamene tinayamba kusinja ufa wathu. Kapenta timagula wochokera ku nyanja ya Cahora Bassa, kumene amamugwira usiku ndi nyali. Ndi nsomba yobwera: kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, anaiika mu nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968, n'kutsika ndi mtsinje wa Zambezi mpaka ku Cahora Bassa. Timamusankha kuchotsa mchenga ndi timiyala, n'kumukazinga pa moto wochepa popanda mafuta. Motowo ukangopitirira, ufa wonse umawawa. Matimati timagula nthawi imene achuluka moti alimi akungowataya mtengo, ofiira psuu, n'kuwalenga ndi kuwayanika pa thandala osachotsa njere, chifukwa madzi a kunjere kuja ndiye okoma kwambiri. Bowa wouma timathira wochepa, wa kwa amayi amene timawadziwa kuti sasokoneza utale ndi bowa wakupha. Zonse mu mtondo, kenako pa sefa.

Supuni imodzi mu mphika wa nyemba, madalaivala anayamba kufunsa ngati tathiramo mafupa a mbuzi.

Ena amati, bwanji osangogula kaludo, chokometsera ndiwo cha m'timapaketi? Ine sindimunyoza, muli glutamate yemweyo ndipo si poizoni monga ena amanenera. Koma gawo lalikulu la kaludo ndi mchere, ndipo baraka iliyonse ikamuthira, ndiwo za msika wonse zimamveka chimodzimodzi. Kasitomala angabwererenji kwa ine? Komanso chiyambire kuthira ufa wathu, mchere timathira wochepa ndipo palibe wadandaula.

Pano amayi a m'mudzi amagula ufawu m'timabotolo kukathira mu phala la ana ndi mu mfutso. Vuto lili m'dzinja: matimati sauma, ufa umachita nkhungu msanga, ndipo sitithira mankhwala osungira. Tikusonkha ndalama yomangira choyanikira chofoleredwa ndi pulasitiki, kuti wa chaka chamawa tidzausinje wokwanira mvula isanagwe.