Ku Chididi wapansi, popanda maliro kapena chinkhoswe

Mayi anga atamva kuti ndikufuna kukwera ku Chididi wapansi, anayamba ndi kufunsa kuti, "Wamwalira ndani?" Nditati palibe, anafunsa ngati kuli chinkhoswe. Nditakananso anangondiyang'ana, n'kupitiriza kupeta mapira awo.

Sindikuwada. Kwathu kuno ku Nsanje munthu sakwera phiri wamba. Amakwera kukagula nandolo, kukazonda wodwala, kukaika maliro, kapena madzi akamupitikitsa kudimba monga zinachitikira mu Januwale 2015 komanso mu Malichi 2023 pa nthawi ya Freddy. Zokwera phiri kuti ukangoona timati n'za alendo a ku Mulanje, aja amalipira anyamata owasenzera zikwama popita ku Sapitwa.

Chinandinyamula ine ndi manyazi. Ndimaphunzitsa jogalafe kusekondale, ndipo teremu yathayi tinali pa mutu wa mapiri a miyala ya laimu: momwe madzi a mvula amasungunulira mwalawo pang'onopang'ono, n'kuboola mapanga, mpaka mitsinje ina kulowa pansi osaonekanso. Ndinatchula Changalume ku Zomba kumene ankakumba mwala wopangira simenti, ndi Chenkumbi ku Balaka kumene amawotcha laimu. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja, n'kuloza pawindo. "Aphunzitsi, nanga athuwa ndi a mwala wanji?" Ndinamuyankha za m'buku, koma mumtima ndinkadziwa kuti mapiri amene ndimawaona m'mawa uliwonse kumadzulo kwa boma phazi langa linali lisanapondeko.

Ndiye tinanyamuka Loweruka lina mu Julaye, tambala woyamba atangolira: ine, malume anga amene ali mnyamata ankakwera ndi dengu la mlamba wowamba kukasinthitsa ndi chimanga, ndi mwana wa mchemwali wanga wa Fomu 2 amene anabwera chifukwa cha foni yake yojambulira. Mwezi tinasankha dala. Mu Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo wokwera phiri nthawi imeneyo ndi wofuna kusiya ana amasiye. M'chikwama ndinaika mabotolo awiri a madzi, chigumu, masau, ndi mandimu anayi. Za mandimuwo ndinena.

Malume anakana kuti tilunjike kuphiri. Anati sungakwere pamutu pa mwini dziko usanamugwadire, choncho tinakhotera kaye ku Khulubvi. Amene simunafikeko, musaganize za chinyumba chachikulu. Chimene umaona uli patali ndi nkhalango yowirira, yobiriwira bii, itaima yokha pakati pa minda youma ndi midzi yopanda mthunzi. Mitengo ya mmenemo sidulidwa, ngakhale nthambi yogwa yokha anthu saitola. M'katimo ndi mmene muli kachisi wa Mbona, mlauli wa mvula wa Amang'anja.

Nkhani yake aliyense kuno anaimva ali mwana, ngakhale agogo ako ndi agogo a mnzako saikamba mofanana. Mbona anavina mvula n'kugwa ena atalephera, nsanje inabuka, anamuthamangitsa kuchokera kumtunda mpaka kuchigwa kuno. Mikondo inkakanika kumulasa kufikira iye mwini atawauza chomuphera. Anamudula mutu ku Ndione, magazi ake nasanduka dziwe, ndipo mutuwo anakauika ku Khulubvi. Pamakhala mayi wosankhidwa kukhala mkazi wake, amene aliyense amatchedwa Salima. Za pakachisipo zimadutsa m'manja mwa mafumu monga Ngabu, Malemia ndi Tengani, ndipo pamwamba pawo pali Lundu wa ku Mbewe ku Chikwawa. Mu 2011 boma linapereka malowa, pamodzi ndi ena ogwirizana nawo monga Mwalaumodzi, pa mndandanda wa malo oyembekezera kuti bungwe la UNESCO liwavomereze ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Sitinalowe. Sulowa uli ndi nsapato, sulowa popanda nsalu yakuda, ndipo sulowa osatsogozedwa ndi eni ake. Ine ndinali nditavala malaya ofiira a timu ya mpira. Malume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mphwanga, sukulu yonse ija, wabwera kwa Mbona utavala magazi?"

Tinakhala pansi chapatali, iwo anaomba m'manja mwa kachetechete, mnyamata uja n'kubweza foni m'thumba popanda womuuza. Ine ndine wa mpingo, ndimaimba kwaya, koma ndinene zoona: nkhalango yokhayo imene ndinaiona tsiku lonselo isanalawe nkhwangwa ndi imeneyi, ndipo palibe mlonda wa yunifolomu amene amailondera.

Kukwera kwenikweni kunayamba dzuwa litatuluka. Msewu wa galimoto ulipo, wafumbi, wokhotakhota, koma malume anatilowetsa m'tinjira ta anthu oyenda pansi timene timadula makona onsewo. N'tachidule, inde, koma timaimirira ngati makwerero. Poyamba umadutsa milambe ndi minga ya m'chigwa, kenako osazindikira uli pakati pa mitengo ya kumtunda, mombo ndi masuku, ndipo mphepo yasintha fungo. Nkhalango ya Matandwe, imene boma linaiteteza mu 1931, ili m'mapiri omwewa, koma zitsa ndi mauvuni a makala ozimitsidwa tinasiya kuwerenga. Sinditukwana wowotcha makala. Munda wake ukakokoloka kawiri pa zaka zitatu, ana adya chiyani? Komabe dothi limene likuchoka pamenepo ndi lomwe limatipeza kumunsi mvula ikagwa.

Amene anandichititsa manyazi kachiwiri ndi amayi. Ife tikupuma wefuwefu pa mwala, iwo ankatsika ndi mabeseni a nthochi, chinangwa ndi nandolo pamutu, ena mwana kumsana, patapata kumapazi, akucheza ngati ali pa mjigo. Anali atanyamuka usiku kuti akapeze msika wa paboma. Gulu lililonse linkaima n'kufunsa funso la mayi anga lija.

"Kwagwanji kumtundaku, bambo?"

"Kulibe, mayi. Tikungoyenda."

Mayi wina anatula beseni, n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno. Anauza anzake m'Chisena kuti aphunzitsi akhuta malipiro. Kenako anatipatsa nthochi zitatu, ife n'kuti takhuta, amene ndi zikomo wa Chisena, ndipo ulendo uno mawuwo anatanthauza zonse ziwiri.

Chapakati pa ulendo pali poonekera pamene malume anati ankapumira ndi dengu lawo. Pamenepo ndinakhala nthawi yaitali kuposa momwe miyendo inkafunira. Chigwa chonse chinali pansi pathu ngati mphasa. Shire akunyezimira, akupinda uku ndi uku, dambo la Ndindi kummwera, ndipo kutsidya, ku Mozambique, phiri la Morrumbala lili tolotolo mu nkhungu. Chakumunsi uko, pamene Shire amatulukira m'dziko lino, ndi pamalo otsikitsitsa m'Malawi muno, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Chiwerengero chimenechi ndachilemba pa bolodi kambirimbiri, koma ndinali ndisanachione ndi maso.

Mbiri yonse imene timaloweza inadutsa pa kamzere ka madzi kameneko. Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinjewu pa sitima yotchedwa Ma Robert, anthu a Tengani namuimitsa ndi mauta, asanapitirire mpaka kukagonja pa mathithi a Kapichira. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ku Chiromo. Boma lathuli linkatchedwa Port Herald, ndipo njanji yochoka pano kupita ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908. Mnyamata uja anafunafuna doko lija anatsegula a Bingu wa Mutharika mu Okutobala 2010, n'kufunsa kuti sitima zake zili kuti. Malume anangotsokomola.

Iwo mbiri yawo inali ina. Analoza kumadzulo, kumene mapiri amatsikira ku Mozambique, n'kunena za zaka za m'ma 1986, pamene tinjira tomwe tinkayendamoti tinadzaza anthu othawa nkhondo, atasenza mphasa ndi miphika, ena mbuzi pa chingwe. Ambiri anakakhala m'misasa monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu mpaka mtendere utabwera mu 1992 n'kuyamba kubwerera. Anati panjira pomwe tinakhalapo anapatsapo madzi mayi wina amene anali atayenda masiku atatu, ndipo mpaka lero amadzifunsa ngati anakafika. Palibe chikwangwani pamenepo. Pali mwala ndi mtengo wa msuku basi.

Tsono mandimu aja. Mwala wa laimu ukaudonthezera madzi owawasa umatulutsa tithovu, chifukwa asidi amamasula mpweya umene uli m'mwalamo. Kusukulu kwathu botolo la asidi linatha kalekale, ndiye ndimu ndiye labotale yanga. Njira yonse ndinkatola miyala, kuikanda ndi mpeni, n'kufinyirapo. Yambiri inali yotuwa, ya mizeremizere yakuda ndi yoyera, yolimba kwambiri. Ina inali yoyera mbee, moti mtima unagunda, koma inali nsangalabwi chabe: mpeni unkaterereka, thovu osaoneka. Mandimu atatu anathera pa miyala yosayankha. Lachinayi malume analanda, anati kuwononga chakudya chotere n'kuchimwa, nalifinyira m'madzi awo akumwa. Ndinakumbuka Richard Thornton, katswiri wa miyala wa pa ulendo wa Livingstone, amene anamwalira mu Epulo 1863 ali ndi zaka 25 ndipo manda ake ali kufupi ndi Kapichira. Iyenso anayenda m'chigwa chino akugogoda miyala, anthu akumudabwa.

Madzi anatithera tisanafike. Ili linali vuto langa, mabotolo awiri anthu atatu, ndipo ola lomaliza tinayenda tikumung'unya masau kuti kukhosi kusaume.

Ku Chididi tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Amishoni a South Africa General Mission anayamba ku Lulwe mu 1900, kenako n'kudzakhazikika kuno, ndipo mpingo wa Africa Evangelical Church unachokera mu ntchito yawoyo. Ukafika sufunsanso chifukwa chake anathawa kuchigwa. Kamphepo kake n'kozizira, mitengo ya mango ndi ikuluikulu, ndipo madzulo chiperoni chikayamba kuwomba munthu wa paboma ngati ine amafuna juzi. Tinamwa thobwa kwa msuweni wa malume, amene naye anafunsa kuti kwagwanji. Nyumba zakale za njerwa zootcha ndinangoziona mothamanga, chifukwa maondo anali atayamba kale kunjenjemera.

Pobwerera sitinayerekeze n'komwe. Tinakwera njinga zamoto ziwiri, ndipo wa kabaza ataona mmene ndinkatsimphinira anakweza mtengo pomwepo. Ndinalipira osatsutsa. Malume anakhala kumbuyo kwa mnzake atafumbata thumba la nandolo limene anawapatsa msuweni wawo, akumwetulira, poti iwo okha ndiwo ankatsika ndi chinthu chooneka.

Tinalowa pakhomo kutada. Mayi anali pamoto, ndipo osatembenuka anafunsa chimene ndabwera nacho. Ndinatulutsa mwala waukulu wa mizeremizere uja, umene ndinausenza kuti Lolemba ndikauike pa desiki ya mtsikana wofunsa mafunso. Anautembenuza, nauyeza kulemera m'manja, n'kunena kuti fuwa lawo limodzi linasweka sabata yatha. Mpaka pano uli pansi pa mphika wa nyemba. Kusukulu ndinapita ndi nsangalabwi ziwiri za m'thumba la buluku.